Ndege zankhondo zoyambirira: werengani za owuluka, osaiwala omwe adali pansi

Aliyense amene amakwera minibasi yopita ku Mpingu, Msundwe kapena Namitete amalidziwa dzina lakuti Airwing. Kondakitala amalitchula ngati siteji wamba, ndipo okwera ambiri amadutsapo osaganizako kuti dzinalo likunena za asilikali a mumlengalenga. Malowa ndiwo adali bwalo la ndege la Lilongwe lisanatsegulidwe bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi mu 1983, ndipo lero ali m'manja mwa gulu lankhondo la dziko lino. Mwana wa ku Nsaru, Kabudula kapena Nambuma akamva kulira kwa injini kumwamba amasiya khasu n'kukweza maso. Akafika ku sekondale n'kuphunzira za nkhondo ziwiri zikuluzikulu za dziko lonse, wachidwi amafunsa: kodi ndingawerenge chiyani kuti ndidziwe mmene ndege zidalowera m'nkhondo, komanso moyo wa anyamata omwe ankaziulutsa?

Mabuku alipo, ena okoma moti munthu amaiwala kuti nsima ikuzizira. Vuto ndi lakuti pafupifupi onse adalembedwa ndi azungu omwe ankaiona nkhondo ali pamwamba. Makolo athu adali nawo pa nkhondo zomwezo, koma iwo adali pansi: adasenza katundu, adagwira mfuti, ndipo adabisala m'maenje ndege zikamabwera. Choncho Mmalawi wofuna kuimvetsa bwino nkhaniyi ayenera kuwerenga mabuku a mitundu iwiri mosinthanitsa, la woulutsa ndege lero, la woyenda pansi mawa. Nawa ena oyenera kuyambira, pamodzi ndi zifukwa zake.

Bomba loyamba lidagwera mu Africa

Ndege yoyamba ya injini idauluka ku America pa 17 Disembala 1903, pamene Orville ndi Wilbur Wright, abale okonza njinga, adaisunga m'mwamba kwa masekondi 12. Zaka zisanu ndi zitatu zisanathe, chida chatsopanochi chidali chitalowa kale m'nkhondo, ndipo nkhondoyo idali muno mu Africa. Mu 1911 dziko la Italy linkalanda Libya m'manja mwa ufumu wa Ottoman. Pa 23 Okutobala, Kaputeni Carlo Piazza adauluka pamwamba pa adani kukazonda, ndipo pa 1 Novembala Giulio Gavotti adaponya ndi dzanja mabomba anayi ang'onoang'ono pa misasa ya kufupi ndi Tripoli. Amenewa ndiwo mabomba oyamba kuponyedwa kuchokera m'ndege pa nkhondo.

Buku loipatsa nkhaniyi kulemera kwake ndi A History of Bombing, la Sven Lindqvist wa ku Sweden, lomwe lidatuluka m'Chingerezi mu 2001. Lidakonzedwa mwachilendo: lili ndi tizigawo 399 ta manambala, ndipo wolemba amakulozerani kachigawo koti mulumphireko mukamaliza kena. Mfundo yake ndi yakuti zomwe mizinda ya ku Ulaya idakumana nazo m'zaka za m'ma 1940 zidayamba zayesedwa pa anthu olamulidwa ndi atsamunda.

Umboni wake suli patali. Kumayambiriro kwa 1920 Angerezi adaphulitsa ndi ndege malinga a Mohammed Abdullah Hassan ku Somaliland, mtsogoleri yemwe adawavutitsa kwa zaka 20. Mu Meyi 1922 ndege za South Africa zidaponya mabomba pa anthu a mtundu wa Bondelswarts ku Namibia, omwe mwa zina ankakana msonkho wa agalu, ndipo anthu oposa 100 adaphedwa pa mkanganowo. Mu 1935 ndi 1936 ndege za Italy zidamwaza mpweya wapoizoni pa asilikali ndi midzi ya ku Ethiopia. Atsamunda ankaikonda ndege chifukwa idali yotsika mtengo: ntchito yomwe kale inkafuna asilikali ndi onyamula katundu zikwizikwi, oyenda miyezi, tsopano inkatheka ndi ndege zochepa m'masiku owerengeka.

Nafenso tidalawako. Pa chipwirikiti cha mu 1959, ndege za gulu lankhondo la Rhodesia ndizo zidatuta asilikali kubwera nawo ku Nyasaland, zinkauluka chapansipansi pamwamba pa midzi kumwaza timapepala ta machenjezo, ndipo ndege ndiyo idanyamula Dr Hastings Kamuzu Banda pa Chileka pa 3 Malichi kupita naye kundende ya Gwelo.

Ndege za matabwa ndi nsalu

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka mu 1914, ntchito ya ndege idali yozonda adani ndi kuuza oombera mizinga kumene zipolopolo zawo zikugwera. Kalipentala wa ku Namitete akadaiona ndege ya nthawi imeneyo akadazindikira ntchito ya manja ake: felemu ya matabwa yolumikizidwa ndi guluu, yokokedwa ndi mawaya, yokutidwa ndi nsalu yopakidwa mankhwala oilimbitsa. Woyendetsa ankakhala pamtunda popanda denga, mphepo yozizira ikumumenya kumaso. Injini zambiri zinkazungulira pamodzi ndi chopalasa mphepo cha kutsogolo, chomwe amakaniko amati pulopela, ndipo zinkafewetsedwa ndi mafuta a nsatsi. Mafutawo ankawazikira kumaso kwa woyendetsa ulendo wonse.

Poyamba oyendetsa ndege a mbali ziwirizi ankaomberana ndi mfuti za m'manja, zomwe sizinkaphula kanthu. Mfuti ya chiwaya ikadathandiza, koma kuiloza kutsogolo kunkatanthauza kuswa pulopela ya ndege yako yomwe. Mu Epulo 1915 Mfalansa wina, Roland Garros, adamangirira zitsulo pa pulopela kuti zipolopolo zoigunda zizinjanjira kumbali. Atagwidwa ndi Ajeremani, kampani ya Anthony Fokker idatulutsa njira yabwino koposa: kachipangizo kolumikiza mfuti ku injini, kotero kuti mfutiyo inkalira pokhapokha pulopela itachoka kutsogolo kwa mpope wake. Kuyambira pamenepo woyendetsa ankaloza mdani ndi ndege yonse ngati mkondo. Umu ndi mmene idabadwira ndege yosaka ndege zinzake.

Mtengo wake udali miyoyo ya anyamata. M'mwezi umodzi wokha wa Epulo 1917, Angerezi adataya ndege 245 ku France. Akuluakulu awo sadawapatse maparachuti mpaka nkhondo idatha, pomwe Ajeremani adayamba kuwagwiritsa ntchito mu 1918. Ndege ya matabwa, nsalu ndi petulo ikagwira moto m'mwamba, mwini wake ankasankha pakati pa kupsa ndi kudumpha. N'chifukwa chake Arthur Gould Lee adalitcha No Parachute buku lake la mu 1968, lochokera m'makalata omwe ankalembera mkazi wake mu 1917.

Mwa mabuku onse a nkhondo imeneyi, lokomedwa ndi ambiri ndi Sagittarius Rising la Cecil Lewis, la mu 1936. Lewis adanama zaka zake n'kulowa usilikali wa ndege ali ndi zaka 17. Pa 1 Julaye 1916, tsiku loyamba la nkhondo ya ku Somme, adali m'mwamba ndipo adaona nthaka ikutumphuka ndi mabomba okwiriridwa pansi. Sabisa kuti kuuluka kunkamusangalatsa, sabisanso mmene anzake ankathera mmodzimmodzi. Adapulumuka, adakhala mmodzi mwa oyambitsa wailesi ya BBC, ndipo adamwalira mu 1997.

Ophunzira ntchito zamanja, monga a pa Namitete Technical College, angakonde Flying Fury la James McCudden. Iyeyu sadali mwana wa anthu olemera: adalowa gulu la ndege mu 1913 ngati makaniko, adakwera mpaka kukhala woyendetsa, ndipo adagwetsa ndege 57. Chinsinsi chake chidali kusamala injini ndi mfuti ndi manja ake, komanso kudekha podikira mdani. Chomvetsa chisoni n'chakuti adafa pa ngozi mu Julaye 1918, ali ndi zaka 23, ndege yake itagwa ikungonyamuka kumene.

Mbali ya Ajeremani ili m'buku la Manfred von Richthofen, wodziwika ndi ndege yake yofiira, yemwe adagwetsa ndege 80 asanaphedwe pa 21 Epulo 1918 ali ndi zaka 25. M'Chingerezi limapezeka ndi mutu wakuti The Red Battle Flyer. Liwerengeni muli tcheru, pakuti lidalembedwa mu 1917 nkhondo ili mkati, mothandizidwa ndi ofalitsa nkhani za boma omwe ankafuna ngwazi yolimbitsa anthu mtima, ndipo limasimba za kupha anthu ngati nkhani ya uzimba. Mankhwala ake ndi Winged Victory, nkhani yopeka ya V. M. Yeates ya mu 1934. Yeates adaulutsadi ndege ya mtundu wa Sopwith Camel, ndipo amaonetsa mantha, kutopa, kuledzera ndi mkwiyo wa anyamata pa anthu omwe ankalemera ndi nkhondo. Adamwalira ndi chifuwa chachikulu chaka chomwe bukulo lidatuluka.

Nkhondo ya chiwaya

Pamene anyamata aja ankasakana m'mitambo ya ku France, nkhondo yomweyo idali itafika kale pakhomo pathu. M'katikati mwa Ogasiti 1914 sitima ya Angerezi ya Guendolen idaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann padoko la Sphinxhaven, lomwe lero ndi Liuli, kutsidya kwa nyanja ya Malawi, ndipo pa 9 Seputembala mfuti zidalira ku Karonga. Mbiri yonse ya nkhondo ya kum'mawa kwa Africa ili m'buku lalikulu la Edward Paice, Tip and Run, la mu 2007.

M'menemo muli nkhani ya sitima yankhondo ya Ajeremani ya Königsberg, yomwe idamiza sitima ya Angerezi ku Zanzibar mu Seputembala 1914 n'kukabisala m'mathiriro a mtsinje wa Rufiji ku Tanzania. Mitengo idaiphimba kotero kuti padafunika diso lochokera kumwamba. Angerezi adabwereka ndege yotera pamadzi ya ku Durban pamodzi ndi woyendetsa wake, Dennis Cutler, yemwe adaiona sitimayo koma pambuyo pake adagwidwa. Ndege zina zomwe zidatumizidwa zidavutika ndi nyengo yathu: kutentha kunkasungunula guluu, matabwa ankapindika, injini zinkafooka. Komabe mu Julaye 1915 ndege ndizo zidalondolera mizinga ya sitima ziwiri, Severn ndi Mersey, mpaka Königsberg idawonongedwa. Kumtunda nako kudabwera gulu la ndege la nambala 26, la anyamata a ku South Africa, mu 1916, koma tchire lowirira linkabisa asilikali a Paul von Lettow-Vorbeck ndipo ndege sizidathe kuitembenuza nkhondoyo.

Nkhani yodabwitsa koposa ndi ya chibaluni chachikulu cha injini cha Ajeremani, Zeppelin L59. Chidanyamuka ku Yambol m'dziko la Bulgaria pa 21 Novembala 1917 chitanyamula matani pafupifupi 15 a zipolopolo, mfuti ndi mankhwala opita kwa asilikali awo ku Tanganyika. Chitafika kufupi ndi Khartoum chidalandira uthenga wa pa wailesi woti chibwerere, ndipo chidatera kwawo chitauluka makilomita pafupifupi 6,800 m'maola 95. Tsopano werengerani: mtengatenga mmodzi ankasenza pafupifupi makilogalamu 25. Katundu wa chibaluni chija, yemwe mabuku amamusimba ngati chozizwitsa, adali mtolo wa amuna 600 okha.

Nyasaland yokha idapereka amtengatenga pafupifupi 200,000 ndi asilikali pafupifupi 19,000, pa nthawi yomwe dziko lonse lidali ndi anthu ongopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Nkhondo ya kuno idayenda pa mitu ya anthu amenewa mpaka Lettow-Vorbeck adatula zida ku Abercorn, komwe lero ndi Mbala ku Zambia, pa 25 Novembala 1918. Ambiri adatengedwa mokakamiza kudzera mwa mafumu, ena adathawira kutchire, ndipo ochuluka adafa ndi njala, kamwazi ndi chisanu. Mawu awo ali m'buku la Melvin Page, The Chiwaya War, la mu 2000, lomwe lidasindikizidwanso kuno kwathu ndi Mzuni Press. Page ankaphunzitsa pa Chancellor College kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo iye ndi ophunzira ake adayenda m'midzi kucheza ndi nkhalamba zomwe zidaiona nkhondoyo. Ngati thumba likulolani kugula buku limodzi lokha pa onse otchulidwa pano, gulani limeneli.

Anyamata a nkhondo yachiwiri

Pofika 1939 ndege zosaka zidali zothamanga kuposa makilomita 500 pa ola, zokhala ndi denga, wailesi ndi mfuti zisanu ndi zitatu m'mapiko. Khomo losavuta lolowera m'nyengo imeneyi ndi Going Solo la Roald Dahl, la mu 1986, lomwe Chingerezi chake mwana wa Fomu 2 angachimve. Nkhani yake imayambira pafupi nafe. Dahl ankagwira ntchito ku kampani ya mafuta ya Shell ku Dar es Salaam, ndipo nkhondo itayamba adayendetsa galimoto mpaka ku Nairobi kukaphunzira kuuluka. Mu Seputembala 1940 adamulozera malo olakwika a gulu lake, mafuta adamuthera, ndipo adagwa m'chipululu cha kumpoto kwa Africa n'kusweka chigaza. Atachira adamutumiza ku Greece, komwe ndege za Angerezi zosakwana 20 za mtundu wa Hurricane zinkalimbana ndi mazanamazana a ndege za Ajeremani. Adali nawo pa nkhondo ya pamwamba pa Athens pa 20 Epulo 1941, momwe adafera katswiri wa ku South Africa, Pat Pattle. Powerenga kumbukirani kuti Dahl adali mmisiri wa nthano yemwe sankachita manyazi kuthirako mchere, ndipo anthu akuda m'buku lakelo amaoneka kwambiri ngati antchito a m'nyumba.

Lozama kuposa limeneli ndi The Last Enemy la Richard Hillary, la mu 1942. Hillary adali wophunzira wa ku Oxford wodzimva, yemwe adawomberedwa pa 3 Seputembala 1940 ndipo adapsa nkhope ndi manja. Gawo lalikulu la bukuli lili m'chipatala, momwe dokotala Archibald McIndoe ankamuika khungu latsopano, ndipo ndi mmene mnyamatayo adayambira kudzifunsa chomwe ankamenyera. Adaumirira kubwerera m'ndege manja ake asanalimbe, ndipo adafa pa ngozi mu Januwale 1943 ali ndi zaka 23.

Atsikana asaganize kuti nkhaniyi ndi ya amuna okha. Dziko la Soviet Union lidali ndi magulu a ndege a akazi, ndipo Lydia Litvyak adagwetsa ndege zingapo za Ajeremani asanaphedwe mu 1943 ali ndi zaka 21. Svetlana Alexievich adasonkhanitsa mawu a akazi omwe adamenya nkhondoyo, kuphatikizapo oulutsa ndege, m'buku lake The Unwomanly Face of War.

Amuna awiri a kum'mwera kwa Africa amatiphunzitsa kuti kulimba mtima m'mwamba sikutiuza kanthu za mtima wa munthu akatera. Adolph Malan, wodziwika ndi dzina lakuti Sailor, adatsogolera gulu la nambala 74 poteteza Britain mu 1940, ndipo atabwerera kwawo adatsogolera gulu la asilikali akale la Torch Commando, lomwe mu 1951 lidatsutsa boma la tsankho pamene linkafuna kuchotsa makaladi m'kaundula wa ovota. Ian Smith nayenso adaulutsa Hurricane ndi Spitfire, adavulala kumaso pa ngozi mu 1943, adawomberedwa ku Italy mu 1944, koma mu 1965 adalanda ufulu wa Rhodesia kuti azungu apitirize kulamulira anthu akuda. Onse awiri adamenyana ndi Hitler, koma adabwerako ndi maphunziro osiyana.

Khungu lakuda ndi mpando wa woyendetsa

Wowerenga wa kuno sachedwa kufunsa kuti nanga anthu akuda adali kuti. Yankho ndi lakuti chitseko chidali chotseka, ndipo ochepa okha ndiwo adachikankha. Eugene Bullard adabadwira ku Georgia m'dziko la America mu 1895, adathawa tsankho pobisala m'sitima, adachita nkhonya ku Ulaya, adamenyera nkhondo France n'kuvulala ku Verdun mu 1916, ndipo mu 1917 adakhala woulutsa ndege yankhondo ya Afalansa. Dziko lakwawo litalowa m'nkhondo lidatenga anzake achizungu, iye n'kumusiya. Kuukalamba kwake ankagwira ntchito yoyendetsa chikepe m'nyumba yosanja ku New York. Moyo wake uli m'buku la Phil Keith ndi Tom Clavin, All Blood Runs Red, la mu 2019.

John C. Robinson, munthu wakuda wa ku America, adapita ku Ethiopia mu 1935 kukatsogolera ndege zochepa za Mfumu Haile Selassie, zomwe zambiri zidalibe mfuti ndipo zinkangonyamula mauthenga ndi mankhwala. Thomas Simmons adalemba mbiri yake m'buku la The Man Called Brown Condor. Johnny Smythe wa ku Sierra Leone adakhala wolondolera njira m'ndege zoponya mabomba za Angerezi, adawomberedwa ku Germany mu 1943, adakhala mkaidi kufikira nkhondo itatha, ndipo pambuyo pake adakhala loya wamkulu wa boma kwawo.

Kwa anthu a kuno, ndege idali chinthu chochitumikira kapena chochithawa. Pakati pa 1940 ndi 1945, mabwalo a kufupi ndi Salisbury, Bulawayo ndi Gwelo ku Southern Rhodesia, dziko lomwe panthawiyo lidali lodzaza ndi matchona ochokera kuno, adaphunzitsa oyendetsa ndege oposa 7,000 a maiko a Britain ndi anzake. Omanga mabwalowo ndi makasu ndi mapiki adali anthu akuda, ambiri otengedwa mokakamiza, monga akufotokozera David Johnson m'buku la World War II and the Scramble for Labour in Colonial Zimbabwe. Asilikali a Nyasaland a m'gulu la King's African Rifles adakumana ndi ndege za Italy ku Moyale ndi ku Somaliland mu 1940. Mu 1944 adali m'chigwa cha Kabaw ku Burma, nthawi ya mvula yosalekeza, misewu itasanduka matope, ndipo chakudya ndi zipolopolo zawo zinkaponyedwa kuchokera m'ndege za mtundu wa Dakota. Kumeneko kulira kwa injini kunkatanthauza kuti lero kudyedwa. Moyo wa asilikali otere uli m'buku la David Killingray, Fighting for Britain, la mu 2010.

Kuwerenga kwa munthu wochenjera

Akuluakulu amati umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Buku lililonse la nkhondo lifunseni kaye kuti lidalembedwa liti, ndi yani, ndipo lidalembedwera yani. Lolembedwa nkhondo ili mkati lidadutsa m'manja mwa opima nkhani. Lolembedwa patapita zaka 40 lidadutsa m'chikumbumtima cha nkhalamba. Manambala a ndege zogwetsedwa nawonso musawameze osatafuna. Pa 15 Seputembala 1940 Angerezi adalengeza kuti agwetsa ndege 185 za Ajeremani, koma nkhondo itatha zolemba za Ajeremaniwo zidaonetsa kuti zidali pafupifupi 60. Sikuti onse ankanama dala: ndege imodzi ikamagwa, anyamata atatu omwe adaiombera aliyense ankati ndi yake. Ndipo wolemba akati adaphulitsa msasa, mudzi kapena mseu, imani pang'ono n'kudzifunsa kuti pansipo padali yani.

Woyamba kumene atsate ndondomeko iyi: ayambe ndi Dahl kuti azolowere, atsatize Page kuti apondenso pansi, kenako Lewis ndi Paice, n'kumalizira Lindqvist, yemwe amafuna mtima wodekha. Mabuku onsewa ndi a m'Chingerezi. Funsani ku nthambi za National Library Service, fufuzani kwa ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa misewu ya m'tauni, ndipo la Richthofen mungaliwerenge mwaulere pa foni kudzera pa tsamba la intaneti la Project Gutenberg. Ofuna kukumba mozama ali ndi laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre komanso nyumba yosungira zolembedwa zakale ya boma ku Zomba. Amene muli m'tauni ndipo mwamaliza buku, musaliike m'katoni kuti lidyedwe ndi chiswe. Lipititseni ku sekondale ya kwanu komwe mudachokera, kumene buku limodzi limadutsa m'manja ambiri.

Pali buku limodzi lomwe likudikira wolemba, ndipo nkhani zake zili m'midzi yathu. Mawu enieniwo akuti ndege tidabwereka ku Chiswahili, komwe amatanthauza mbalame, ndipo mganda womwe umavinidwa m'midzi ya Lilongwe, ndi mizere yake ndi yunifomu zake, udatengera perete wa asilikali. Nkhondo zimenezi zidatisiyira zizindikiro ngakhale pomwe sitidalembe. Omwe adapita ku Burma atsala owerengeka ndipo ndi okalamba kwambiri, koma ana awo omwe adamva nkhanizo pamoto alipo. Omwe adali ana mu 1959 n'kuona ndege zikudutsa pamwamba pa madenga tsopano ali ndi zaka za m'ma 70 ndi 80. Page ndi ophunzira ake adagwira ntchito yawo pa nthawi yomwe makina ojambulira mawu adali osowa ndi olemera. Lero foni yomwe ili m'thumba mwanu ikhoza kugwira ntchito yomweyo. Mukapita kumudzi ku Kabudula kapena ku Nambuma, khalani pamkeka ndi agogo, muwafunse kuti ndege adayamba kuiona liti, adali kuti, ndipo anthu adachita chiyani. Lembani dzina lawo, mudzi ndi tsiku, chifukwa zimenezo ndizo zimasandutsa macheza kukhala mbiri.